Lalanje ndi Chibangiri cha Amayi

Fungo la guluu ndi majekete onyowa ndi sinowo limandibwezerabe ku North York, kuno kutsidya kwa nyanja, m'nyumba yathu ya pamwamba penipeni pa nsanjika, chaka chomwe ndinali ndi zaka khumi. Nyengo yozizira imeneyo kusukulu kunali chionetsero cha sayansi, ndipo ine, mwana wokonda kutamidwa, ndinasankha mutu wondikulira: momwe chombo cha m'mlengalenga chimabwererera padziko. Makatoni ndinadula, zithunzi ndinamata, koma funso limodzi linandikanika. Bwanji chombocho sichingotsika pomwe chafunira?

Amayi ankasamalira okalamba ku Markham, koma kwathu ku Ntcheu anali mphunzitsi wa masamu. Loweruka lina masana anandipeza ndikulira pathebulo. Anatenga lalanje, navula chibangiri chawo, naliveka lalanjelo mopendekeka. Anati chibangiri ndi njira ya chombo, lalanje ndi dziko, ndipo dziko limatembenuka pansi pa njirayo. Analemba kadontho ndi cholembera pomwe chombo chiyenera kutera, n'kumatembenuza lalanje pang'onopang'ono mpaka kadontho kanafika pansi pa chibangiri.

"Waona, Tadala? Chimadikira apa. Ndipo mabuleki chimamanga chikadali kuseri kwa dziko, ngati iwe m'basi, umakoka chingwe cha belu usanafike pasiteji. Kukakhala mphepo yoipa, chizungulirenso, mwina mpaka mawa."

Masabata atatu tinayeserera, manja athu akununkha lalanje.

Tsiku la chionetsero Amayi anasinthana ntchito ndi mnzawo, nakwera mabasi awiri, n'kufika muholo ali ndi yunifolomu yawo yabuluu mkati mwa jekete. Popereka moni kwa aphunzitsi anga anapinda mawondo pang'ono, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja. Ndinaona anzanga awiri akugwedezana.

Woweruza atafika pathebulo langa anandifunsa funso lomwe lija. Mutu unaima. Ndinangogwira lalanje ngati ndalitola panjira. Apo mawu a Amayi anamveka kuchokera kumbuyo kwa anthu, okwera ngati ali m'kalasi mwawo:

"Tembenuza lalanje, mwanawe! Tembenuza!"

Ana anaseka. Woweruza anamwetulira nandifunsa zomwe mayiyo akunena. Ndinayankha ndisanaganize n'komwe.

"I don't know. I don't speak that."

Kenako ndinatembenuza lalanje, n'kufotokoza zonse bwinobwino, mawu a Amayi omwewo nditawaveka Chingerezi. Anandipatsa mphoto, riboni yofiira. Amayi anaomba nawo m'manja. M'basi pobwerera anandikonza kolala ya jekete, nandifunsa ngati ndinali ndi njala. Anandifunsa m'Chingerezi.

Sanandikalipire, sanawauze Ababa, nkhaniyo sanaitchulepo mpaka lero. Kungoti kuyambira tsiku limenelo, tikangotuluka pakhomo, Chichewa chinkatsala m'nyumba. M'sitolo, m'basi, ngakhale m'chikepe tili awiriwiri, ankandiyankhula m'Chingerezi chawo chosamalitsa chija.

Nthawi imeneyo ndinkati zandiyendera, Amayi aphunzira khalidwe la kuno. Panopa ndikudziwa kuti anamva bwino lomwe zomwe ndinanena, ndipo anasankha kusandichititsanso manyazi. Manyaziwo ndili nawo ine. Mwezi wathawu ndinawaperekeza kuchipatala, ndipo pamzere ndinawafunsa mokweza, kuti aliyense amve, "Amayi, mwatopa?"

Anayang'ana anthu otizungulira, kenako ine.

"I'm fine, dear," anatero motsitsa.