Filimu Imene Ndinangoithamangitsa

Ntchito yanga pa Neno Boma ndi yoika mafilimu m'mamemore a anthu. Aliyense amafunsa kuti, "Kodi iyi ndi yabwino?" ndipo ine ndimayankha ngati katswiri. Zoona zake n'zakuti sindionera filimu yonse. Ndimangothamangitsa, kusaka pomwe pali mfuti.

Kunabwera ina ya zigawenga. Inali yochuluka zolankhula: bambo wandevu, wovala chipewa choyera, akungozungulira m'nyumba, nkhope ili ndwii. Ndinadumpha mpaka pomwe bomba linaphulika pamsika. Basi, ndinayamba kuuza makasitomala kuti, "Mdala wandevuyo ndiye wabomba. Kungomuona, ngati a Saidi."

A Saidi ali ndi golosale yoyandikana ndi ine, ndipo magetsi akathima amandiitana kuti tikamwe tiyi. Anthu anaseka, ine n'kumadziona ngati wanthabwala. Posakhalitsa a kabaza anayamba kuwakuwiza kuti "a Bomba."

Tsiku lina a Saidi anabwera ndi memore yawo. "Ndiikireni ija mukuti ndilimo."

Ndinawaikira filimuyo, maso anga ali pansi. M'mawa mwake anaima pakhomo panga.

"Achimwene, munaionera mpaka kumapeto?"

"Eya," ndinanama.

"Ndiye munaona kuti bambo uja anakanena mwana wake yemwe kupolisi kuti anthu ena asafe, eti?"

Ndinayamba kupukuta kompyuta yomwe inalibe fumbi.

Sindinapepese. Sindinauzenso aliyense zoona, poopa kuti katswirine andiseka. Tiyi amandiitanirabe, koma ndimati ndakhuta. Filimuyo anthu anaiiwala kalekale. Dzina lija likadalipo.