Mapeto a Buku la Che Amadu

"Iwe mwana wa a Nasibeko, Chingerezi mukuphunzira kusukulucho chingakwane kudziwa ngati munthu wapha mnzake kapena iyayi?"

Anandifunsa choncho ndi Che Amadu, aneba athu pa Nselema, ine ndili Sitandade 5. Ndikawakumbukira ndimamva utsi wa nkhuni zaziwisi ndi mafuta a mlamba akudontha pamakala, chifukwa tsiku lonse ankakhalira kuwamba nsomba za ku Chiuta kuseri kwa nyumba yawo, maso ali psuu, ntchentche zikulira, nthawi ya swala ikakwana n'kusamba kupita kukaitana anthu kumzikiti. Ife tinali Akatolika, koma mpanda wathu unali umodzi.

Ndinayankha kuti ndiyesa. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi buku lonenepa lokulunga m'jumbo. Kuseri kwa chikuto kunali chithunzi cha mzungu wa imvi, wamaso ochenjera.

"Awa ndi Abiti Mafunso," anatero. "Dzina lawo lenileni linkatipota lilime."

Mayiyo anachokera ku Sikotilandi ali mtsikana, kudzaphunzitsa pasukulu ya mishoni cha ku Rivirivi, ndipo Che Amadu ali mnyamata ankamuphikira. Bambo ake a mayiyo anali msodzi, ndiye akamva fungo la nsomba yowamba ankati wafika kwawo. M'mawa uliwonse ankagogoda makina olembera, khakhakha, masana n'kubwera kukhitchini ndi mafunso. Munthu akamira amayandama liti? Katupe wophera nsomba uja angaphe munthu? Ukonde ungabise mtembo? Iwo ankangoyankha, poganiza kuti ndi chidwi cha azungu. Atabwerera kwawo, mayiyo anasiya uphunzitsi n'kuyamba kulemba mabuku a nkhani za kuphana ndi apolisi. Akuti oyamba anakanidwa, koma anakakamira mpaka kukalamba nayo ntchitoyo, n'kutchuka. Patapita zaka zambiri, mlendo wina wa kumishoni anawafunafuna Che Amadu n'kuwapatsa bukuli, amvekere, "Akuti muli m'menemu."

Apa ndi pamene panali vuto. M'buku la kuphana munthu umakhalamo ngati ndani?

"Bwanji osawapatsa aphunzitsi akuwerengereni?" ndinafunsa.

"Kuti mawa Nselema yense amve kuti woitana swala analembedwa kuti ndi chigawenga? Za katupe zija ndinamuuza ndine. Iwe ndiwe mwana, ukanena sakukhulupirira."

Tinayamba. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pamtondo wogona pafupi ndi thandala la nsomba, chala chikuyenda pamzere, iwo akutembenuza milamba. Mawu ambiri ankandidutsa pamutu, koma oti magazi, bwato, wapolisi, ndinkawadziwa, ndipo dzina loti Amadu ndikaliona ndinkakuwa.

"Mwapezeka!"

"Ndikutani?"

"Muli m'bwato. Kukuzizira kwambiri. Ndi kwawo kwa Abiti Mafunso kumeneku."

"Ha! Wandipititsa Ulaya osandikweza ndege. Ndili ndekha?"

"Muli ndi mtembo."

Anasiya nsomba ija ikupsa. "Ndaupeza, kapena ndine ndachita?"

"Sindikudziwa, agogo."

Akazi awo, Abiti Ndala, ankatidutsa ndi lichero la mchere wokagulitsa kumsika, akuseka. "Mwamuna wa ine kupha munthu? Nkhuku yomwe amaipepesa asanaizinge."

Mlendo wa kumishoni uja anawauza kale Che Amadu kuti m'mabuku otere wakupha amamubisa mpaka kumapeto, ndiye ine ndinkachonderera kuti tingodumphira komweko. Iwo ankakana. "Mlandu sauyambira ku chigamulo," ankatero. Choncho tinkakwawa, tsiku lina tsamba limodzi, tsiku lina theka. Chimanga chinacha, tinakolola, ife tisanafike ndi pakati pomwe. Wapolisi wamkazi wa m'bukumo anawafunsa Amadu kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo anawatsekera. Tsiku limenelo Che Amadu sanandipatse mutu wa mlamba monga ankachitira.

Kenaka chifuwa chinawagwira. Utsi wa zaka zonse zija unawabwerera, mawu oitanira swala n'kuyamba kusasa. Masana ena ali gone pamkeka pakhonde anandikodola.

"Tsegula kumapeto kuja. Mmene tikuyenderamu ndikafika kumanda ndisanatuluke m'selo."

Ndinatembenuza buku, koma tsamba lomaliza linathera pakati pa chiganizo, popanda ndi mpumiro womwe. Nditakanula bwino ndinaona timizu ta masamba ong'ambidwa, tambirimbiri, titamatirira kuchikuto.

"Abiti Ndala!" anakuwa, kenaka n'kutsokomola.

Mayiwo anatulukira akupukuta manja. Ataona bukulo sanabise n'komwe.

"Nyuzipepala inasowa, mchere ndikanakulunga m'chiyani? Ndinkang'amba kumbuyo dala, kusiya kumene mukuwerengako. Ndimati ndi liwiro lanulo kumeneko simudzafikako."

Che Amadu anayang'ana kudenga. Ine ndinkaopa kuti alira. Koma anangoti, "Ndiye kuti chigamulo changa anthu anathira m'ndiwo."

Ndinazungulira makhitchini a mudzi wonse kufunafuna timapepala ta mchere. Ndinapezako tiwiri, tonyowa, tamafuta, topanda dzina lawo. Tambiri anthu anali atakolezera moto, amayi anga omwe. Dzinja lotsatira Che Amadu anamwalira, ndipo buku lotsalalo chiswe chinamaliza m'denga.

Pano ndimakhala ku Balaka ndi ana anga awiri. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8, koma ndikapita kumsika, mwana kumsana, ndimaima pa anyamata oyala mabuku akale pansi, n'kumatembenuza limodzilimodzi kuona nkhope za kuseri. Amandiseka kuti mayi awa amagula chithunzi. Dzina lenileni la Abiti Mafunso sindinalisunge, la bukulo ndinaiwala.

Tikawerengera, zotayika sizinali zambiri: masamba okulunga mchere wa misika ingapo, dzina la mzungu mmodzi, ndi yankho la mawu amodzi, eya kapena iyayi, limene Che Amadu anaikidwa m'manda asanalimve.