Tambala Wokapepesera Kompyuta

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ng'ala inayamba kuphimba maso a amayi. Ankapetabe mpunga wathu wa ku Likangala, koma timiyala ankatifufuza ndi zala, ndipo tomwe tawapulumuka tinkatipeza ife ndi mano.

Chiyembekezo chathu chonse chinali ku Zomba, mu ofesi ina ya mpingo momwe munali kompyuta. Madokotala a maso ochokera kunja akafuna kubwera, ankatumiza imelo imodzi kumaofesi onse a pa mndandanda wawo, ndipo kalaliki wa pamenepo, a Mulipa, ankalengezetsa m'matchalitchi. Dzina la amayi analilemba. Anangoti tidikire.

Tinadikira mpaka tinakolola. Kenako mayi wina wa ku Songani, wodzagula matemba, anatiuza kuti madokotalawo anabwera kalekale n'kubwerera kwawo. Iyeyo anali atachotsedwa ng'ala, ndipo ankasankha nsomba ngati mtsikana. Ndinam'da mayi ameneyo popanda chifukwa.

Abambo ankakhulupirira kuti mlandu uliwonse umatha munthu ukadzichepetsa. Anati mwina pali wina tinam'lakwira. Anavala jekete la kutchalitchi n'kundikweza pakeliyala pa njinga ulendo wa ku Zomba, nditafukata tambala wathu wofiira woti tikapepesere.

A Mulipa anafotokoza akuyang'ana pansi. Munthu wina anabwera ndi disiki yokhala ndi vairasi, kompyuta n'kufa kwa nthawi ndithu. Bokosi lake la mauthenga linadzaza, obwera pambuyo n'kumabwerera komwe achokera. Makina a kumeneko ataona kuti mauthenga akungobwerera, anafufuta ofesiyo pa mndandanda.

"Ndiye anatifufutayo ndani, bambo? Tikam'pepese," anatero abambo.

"Palibe munthu, achimwene. Ndi makina okha."

"Makinawo alibe bwana wake?"

"Alipo, koma mwina sakudziwa n'komwe."

Abambo anayang'ana kompyutayo, yomwe inali itafundidwa kansalu koluka, kenako anayang'ana tambala uja. Anavula chipewa, n'kuchivalanso. A Mulipa anakana nkhukuyo, ati alibe koipereka.

Pa ulendo wobwerera ndinkangomva tcheni cha njinga ndi mtima wa tambala ukugunda pamimba panga. Titafika, amayi anali pakhonde. Sanatione, koma anamva nkhuku ikulira nditaitsitsa.

"Akana?" anafunsa.

"Ayi," anayankha abambo, n'kulowa m'nyumba.

A Mulipa analembetsanso ofesi yawo, koma uthenga wa madokotala sunabwerenso. Maso a amayi anatsekeratu, ndipo ine ndinasiya sukulu kuti ndiziwagwira dzanja popita kudimba ndi kutchalitchi.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti abambo anawanamiza amayi tsiku lija. Lero ndimamvetsa kuti ananena zoona, ndipo zimandipweteka koposa. Kukanidwa abambo ankakudziwa, akanabwererako ndi mbuzi, ngakhale kugwada kumene. Koma amayi anachita khungu popanda munthu ndi mmodzi yemwe wowakana.