Nkhuku Inapola, Mwendo Wanga Unawola

Mwendo wanga wamanzere unadulidwa pamwamba pa bondo ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Inali nthawi imene amuna anali atangobwerako ku mtengatenga, ntchito yosenza katundu wa asilikali pa nkhondo ya Ajeremani.

Tinkakhala kwawo kwa amayi, m'mapiri a kufupi ndi Kasakula. Bambo anali mkamwini wochokera ku Chezi. Ankalima munda wa apongozi awo, koma pa ife ana analibe mawu. Mwini mbumba anali malume, a Chimbalanga.

Ndinaterereka pathanthwe ndikukusa mbuzi. Fupa la msongolo linathyoka, nsonga yake n'kuboola khungu. Malume anaitana a Gwaza, sing'anga wolumikiza mafupa. Iwo anakoka mwendo, fupa n'kubwerera m'kati ndi dothi lake lomwe. Anamata masamba osinja, nayala timitengo ta nsungwi, namanga zolimba ndi luzi. Kenaka anagwira msoti wa nkhuku, nauthyola mwendo wamanzere, naumanga chimodzimodzi.

"Mwanayu musam'masule," anatero. "Muziyang'ana nkhukuyi. Ikaponda pansi, nayenso wapola."

Choncho mudzi wonse unkazonda nkhuku. Tsiku lachisanu zala za phazi langa zinazizira n'kuyamba kuda. Pofika lachisanu ndi chitatu, azilongo anga anasiya kudyera m'nyumba chifukwa cha fungo. Nkhuku inali itayamba kudumphadumpha.

"Alamu, mwanayu akuwola," anatero bambo. "Ndiloleni ndipite naye kwa dotolo wa ku mishoni."

"Kwa odula anthu aja?" anayankha malume. "Inu munabwera muno ndi khasu basi. Mwana munabwera naye? Tonde wobwereka salamula khola."

Tsiku lakhumi anthu anapita kumaliro m'mudzi woyandikana nawo. Dzuwa lili paliwombo, bambo anandibereka ndi nsalu ya amayi. Amayi anaona, koma anatembenukira kukhoma. Tinayenda masiku awiri kulowera ku mishoni ya ku Mvera, mafinya akuchucha m'chiuno mwa bambo.

Makina ojambula mafupa kunalibe. Dotolo, mzungu wamtali, anadula luzi, nabaya zala zanga ndi singano chimodzichimodzi. Sindinamve kanthu. Anafinya kuseri kwa bondo, nalowetsa kachitsulo m'bala, natulutsa tizidutswa tiwiri ta fupa lakufa. Mkulu wina womasulira anafotokoza kuti bala likanatsukidwa tsiku loyamba, mwendo ukanatsala. Tsopano kuwola kunali kukwera, ndipo pakadutsa masiku atatu padzakhala maliro.

"Eni mwana avomera?" anafunsa womasulirayo.

Bambo anayankha kuti, "Mwini mwana ndine. Dulani."

Ndikukumbukira sowo ikuwira mumphika, ndi kansalu kamene anandiphimba nako mphuno n'kudonthezapo mankhwala onunkhira mozuna. Nditadzuka, bulangete linali lophwa mbali imodzi.

Tinabwerera patapita miyezi iwiri. Malume anatichingamira nkhuku ija ili m'manja. Anaiika pansi, iyo n'kuthamanga bwinobwino.

"Onani nonse," anatero. "Mwana anali atapola. Uyu wakagulitsa mwendo wa mbumba yanga kwa azungu."

Ukwati unatha sabata lomwelo. Bambo anabweranso kawiri, ulendo uliwonse atanyamula ndodo yoyendera yosema okha, yachiwiri yotalikirapo poti ndinali kukula. Maulendo onse awiri ndinakana kuwapatsa moni. Ndinkakhulupirira nkhuku.

Pa ntchito yanga yolemba nkhani ndafunsapo madotolo angapo za fupa loboola khungu n'kumangidwa ndi dothi m'kati. Yankho lawo silisiyana. Bambo ankadziwa kuti akatuluka nane ataya mkazi, munda ndi ana, koma anatuluka nanebe. Ine ndinazizindikira iwo atamwalira kale, ndipo pamaliro awo sindinapite.

Ku Chezi kwatsala nkhalamba imodzi imene inakumba nawo manda awo. Yatumiza mawu kuti maso ake akutha, ndifulumire kuti ikandionetse mandawo. Ndinyamuka Loweruka.