Ayezi wa pansi pa nyumba ya bambo

Ndivomere ndekha ena asanandiulule: ndili mwana ndinkakhulupirira kuti pansi pa Biriwiri pali ayezi.

Mlandu ndi wa aphunzitsi athu. Anatiuza kuti kutali, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, nthaka imauma gwaa ndi kuzizira chaka chonse, ndipo anthu amazika chitsulo kuti adziwe pomwe yasungunuka, chifukwa ikasungunuka kwambiri nyumba zimatitimira. Mawu akuti "kutali" anandipita. Ndinangotola za kuzizirazo, poti kwathu mu Juni chisanu chimawaula masamba m'dimba.

Tsono ine ndinali ndi kakhalidwe kootcha kachewere kuseri kwa nyumba, mphepete mwa khoma, kuthawa kugawira alongo anga. M'mawa wina ndinaona mng'alu pakhoma lomwelo. Mumtima ndinati, basi! Ndasungunula ayezi, ndipo nyumba imene bambo anamanga ndi thukuta la ku Joni ikumira.

Ndinatenga chitsulo chawo chokumbira maenje n'kumazika m'mbali mwa khomalo, tambala akangolira. Tsiku lina chinalowa chokha, osakankha, mpaka pogwirira. Ndinalira ngati pamaliro.

Bambo anatuluka atafunda bulangete. "Iwe, ndi njoka?"

"Ayi bambo, ndasungunula nyumba yanu."

Ndinaulula zonse, ndi kachewere yemwe. Iwo anangotenga khasu n'kukumba. Pansipo panali mphako, chiswe chili nyakanyaka.

"Ayezi wakoyu ali ndi miyendo," anatero.

Mpweya umene ndinatulutsa tsikulo ukadazimitsa moto. Tinachotsa chiswecho, tinatsira miyala ndi dothi, khoma linapulumuka mvula isanagwe. Posamba m'manja bambo anandiuza kuti, "Ku mgodi tinkagogoda mwala tisanalowe. Kufunsa nthaka si uchitsiru. Uchitsiru ndi kudya wekha."

Sabata yathayi mdzukulu wanga Tadala anabwera kuchokera kusukulu ndi phunziro lomwelo. Akuti anaona pa foni ya aphunzitsi ana a kumpotoko akutsitsa tizipangizo toyezera kuzizira m'maenje. Ndinamufotokozera kuti agogo ake anayamba kalekale ntchito imeneyo, opanda foni, ndipo anaphunzira kuti chimene ukupondapo uzichifunsa chisanakumeze.

Usiku wake mayi a kunyumba anandikodola ndi chigongono.

"Abambo, chitsulo chija chikadalipo? Khoma la khitchini linang'aluka kalekale, inu mukungoliyeza ndi pakamwa."