Dzenje la Ezekiele Wamatayala

Ku Neno kuno aliyense amene ali ndi galimoto ali ndi nambala ya Ezekiele. Misewu yathu mukuidziwa, miyala yake imadya matayala ngati yachita kutumidwa. Tayala likaphwa, kaya ndi pakhomo, pa ofesi ku boma, kaya pakati pa phiri lole itadzaza kachewere, munthu amangoimba foni. Posakhalitsa mumva kanjinga kamoto kakulira, kumbuyo atamangirira jeke, pampu, masipanala, guluu ndi machubu akutha odulapo zigamba.

Ntchitoyi anaiphunzira pa Zalewa. Anzake ankakhala pansi pa mtengo kudikira kuti matayala awapeze, iye n'kuona kuti tayala lakuphwa siliyenda, woyenda ndi mmisiri. Anabwerera kwawo ku Dambe, anakwatira Modesta wa ku Chifunga, n'kupempha chitengwa. Abale a mkazi anavomera monyinyirika. Nyumba ya malata inamangidwa, mwana wawo Faith ankapita kusukulu atavala nsapato.

Koma foni sidziwa tsiku la maliro. M'mudzimo uthenga ukamveka, amuna onse amalawirira kumanda ndi makasu. Ezekiele ankafika, kukhala pang'ono, foni n'kulira. "Ndikubwera pompano," ankatero, ndipo ankabweradi anthu atamwazika kale. Nthawi zambiri sankaoneka n'komwe.

Modesta ndiye ankamubisira manyazi. Woyamba kutunga madzi anali iye, womaliza kutsuka mbale iye yemweyo, kugona pasiwa, kuimba mpaka mawu kusasa.

"Bambo a Faith, anthutu akuona," anamuuza tsiku lina. "Ine madzi ndingatungire mudzi wonse, koma khasu lanu sindingakugwirireni."

"Kodi ndikasiya galimoto ya munthu pamsewu, mawa andiimbiranso? Maliro enawo ndidzapita basi."

Kalisto, mkulu wa adzukulu okumba manda, sanamukalipirepo. Akakumana ankangosekerera, "A injiniya, moni!" Anthu osekerera choterewa ndi oopsa, chakukhosi amachisunga mosamala kuposa mbewu.

Modesta anadwala mwezi wa Okutobala, kutentha kuli pachimake, ndipo sanagonere nthawi yaitali. Anamwalirira kuchipatala cha ku boma. Amayi a m'mudzi anadzaza nyumba, akulira zenizeni, pakuti ankamukonda. Amuna nawo anabwera, koma chimanjamanja. Kutacha anangokhala pansi pa mtengo wa mango, miyendo atatambalala.

Ezekiele anakagwada pamaso pa Kalisto. "A Kalisto, dzuwatu lakwera."

"Eetu, lakwera."

"Kodi kumanda simupita?"

"Ife? Mafoni atichulukira, achimwene. Tikubwera pompano."

Ena anaseka. Kuseka pamaliro a mayi amene anawaphikira pamaliro a ana awo! Ezekiele anapepesa, anati apereka mbuzi. Kalisto anati mbuzi sikumba. Anapita naye kumanda, anamulozera malo, n'kumuponyera khasu kumapazi.

Namfedwa sagwira khasu, aliyense akudziwa, koma tsikulo anagwira. Nthaka inali gwa, pansi pake miyala yokhayokha. Khasu litakanika anatenga chitsulo chake chochotsera tayala pa limu, n'kumazula miyala umodziumodzi. Manja anatuluka matuza, matuza anaphulika, mpini unaterera ndi magazi. Sanalire, analibe mpata.

Chimene sankadziwa, poti kumanda sankakhalitsako, n'chakuti adzukulu amayamba ayeza bokosi ndi bango asanaponye khasu. Iye anayeza mkazi wake. Modesta ankamulekeza m'phewa, ndiye Ezekiele anagona pansi, analemba mzere kumapazi ndi wina paphewa, anawonjezera pang'ono, n'kuyamba kukumba. Chakumasana Kalisto anabwera kudzasuzumira. Munthu amene wakumba manda moyo wake wonse sangalephere kuona dzenje lalifupi. Analiona, anagwedeza mutu ngati woyamikira, n'kubwerera pamthunzi osanena kanthu. Pa zonse zimene anachita tsikulo, iyi ndiyo inali nkhanza yeniyeni.

Abale a ku Chifunga anafika dzuwa litapendeka pa pikapu yahayala, atatsogozedwa ndi Gerishon, mlongo wake wa Modesta. Nkhani ya adzukulu Gerishon anaimvera panjira yopita kumanda, nkhope yake n'kuda bii. Kwaya inaimba, abusa anapemphera, amuna a ku Chifunga anagwira zingwe. Kumutu bokosi linalowa, kumiyendo linakodwa pamphepete. Linalendewera chopendeka, ndipo aliyense anamva thupi likusendera m'katimo mpaka kugunda thabwa, gu! Nyimbo inadukira pakati. Faith anakuwa.

"Tulutsani mlongo wanga," anatero Gerishon.

"Alamu, ndilikuza dzenjeli. Kanthawi kochepa chabe, chonde," anatero Ezekiele, khasu lili kale m'manja.

"Tinakupatsani munthu kuti mumusunge, inu mpaka dzenje lakukanikani? Tikamuika kwathu, kumene kuli anthu."

Palibe wa m'mudzimo amene anatsegula pakamwa kuchonderera Gerishon. Bokosi linabwerera njira yomwe linadzera, amayi akulira pambuyo, tsopano ndi manyazi omwe.

Atafika pa pikapu anapeza tayala lakumbuyo lili phwa, mwala unalibaya pobwera. Dalaivala analibe lina. Maso onse anatembenukira kwa Ezekiele. Akanatha kukana, ndipo maganizowo anamufikiradi, kuti galimoto ikapanda kunyamuka mwina Gerishon mtima ukhala pansi. Koma anayang'ana bokosi lili padzuwa lija, ntchentche zitayamba kale kuzungulira. Anakatenga zida zake.

Anagwada m'fumbi, anakweza jeke, anamasula mabawuti. Sipanala inkamupulumuka m'manja osupukawo. Anapeza pobooka, anapala, anapaka guluu, anadikira kuti agwire monga amachitira masiku onse, pakuti msewu wa ku Chifunga sufuna chigamba chothamangira. Anamata, anapopa, anamanga. Inali ntchito yabwino, tayala limenelo likanafika ngakhale ku Lisungwi n'kubwerako.

Amuna a ku Chifunga anakweza bokosi, Faith anakhala pambali pake atagwira chitenje cha amayi ake aang'ono. Ezekiele anaponda tayala lomwelo kuti akwere.

"Malo atha," anatero Gerishon. "Ndipo musatilondole ndi kanjinga kanuko."

Pikapu inatsika phiri bwinobwino, osagwedera. Fumbi lisanathe, Kalisto anamugwira paphewa mofatsa ngati mnzake.

"Pepanitu achimwene. Koma manda sagona apululu, angaitane wina. Popeza mwini wake wapita, mukaikemo thunthu la nthochi, mukwirire. Mwambo umenewonso simuudziwa, eti?"

Ezekiele anakadula nthochi kuseri kwa nyumba yake, anaisenza yekha mpaka kumanda, madzi ake akumuyenderera m'khosi. Amuna aja anabwera kudzaonerera, manja ali kumbuyo. Iye anatsitsa thunthulo pang'onopang'ono, ndipo linalowa bwinobwino, malo mpaka kutsalako.