Galimoto Imene Odwala Ankaikana

Galimoto ija inafika ku Likoswe itatopa kale ngati ife tomwe. Apolisi anali ataipumitsa ntchito, ndipo m'malo moigulitsa anaipereka ku gulu lathu la amayi a kutchalitchi loyendera odwala m'midzi. Ine ndinali wapampando wa gululo, osati chifukwa cha nzeru, koma chifukwa sindidziwa kukana. Tsiku loilandira tinavina mpaka fumbi koboo. Tinkati basi, zokweza mayi wapakati pa kabaza mpaka kuchipatala cha ku Milepa zatha.

Tinaipaka penti yoyera, koma mawaya a m'mawindo anatsala, ndipo chizindikiro cha apolisi chinkaonekabe pachitseko dzuwa likawomba. Ulendo woyamba tinapita kukatenga mayi wina wotupa miyendo. Titangokhotera m'mudzi, otcheza kachasu anathawira m'munda wa nandolo, mbiya zili pamoto. Tinaseka mpaka misozi. Mantha amenewo sanachedwe kutha, anthu anazolowera kuti m'galimotomo mumakhala ife, amayi a mipango yoyera.

Chimene chinatipweteka ndi maliro. Munthu akamwalira kuchipatala cha paboma, abale ake ankalawirira kwathu n'kugwada pakhomo. Mungam'kanize bwanji munthu wolira, galimoto ili poteropo pansi pa mtengo wa mango wa patchalitchi? Tinavomera kamodzi, kawiri, kenako tinasiya kuwerenga. Mabenchi akumbuyo anali oyang'anizana, ndipo bokosi linkakwana pakati pake ngati anachita kuyeza. Posakhalitsa injini yake ikamveka, ana ankafunsa kuti wamwalira ndani. Odwala anayamba kuikana. Ankati imanunkha maliro, chonsecho tinkaitsuka ndi sopo mpaka manja kusupuka.

Mmodzi mwa oikanawo anali achimwene anga, oyamba kubadwa kwathu, mlimi wa tomato, munthu wamakani chiyambire. Chifuwa chinawagwira nthawi yokolola, anaonda mpaka malaya kuwakulira. Ku Milepa anawauza kuti apite msanga kuchipatala chachikulu.

"Achimwene, mawa galimoto ibwera kudzakutengani," ndinawauza tili pakhonde pawo.

"Iti? Ya mitembo ija? Iwe chemwali, wandionamo chiyani? Dikira ndife kaye."

"Ndi ya odwala imeneyo, achimwene."

"Wodwala wake uti amene unamuona atakweramo? Ine ndimangoonamo mabokosi."

Ndinapsa mtima chifukwa ankanena zoona. Pamsonkhano wa gulu ndinaimirira n'kunena kuti galimotoyi isadzanyamulenso maliro, kaya ndi a ndani. Amayi anzanga anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Tinakangana mpaka dzuwa kupendeka, koma lamulo linakhazikika. Tsono wobweza olira pakhomo ndinali ine. Ena anasiya kundipatsa moni pamjigo. Mayi wina amene tinkalima moyandikana ananditcha wouma mtima pamaso pa ana anga, chifukwa tsiku lomwelo ndinali nditakana kunyamula mtembo wa mwamuna wake. Ndinkafika kunyumba mutu ukuwawa, n'kugona osadya.

Ndinabwereranso kwa achimwene.

"Yasiya maliro tsopano. Palibenso bokosi lidzalowemo."

"Ayambe ena kukwera," anatero akukhosomola, "tione ngati abwereko."

Iwo anadikira, chifuwa sichinadikire. Pamene ankavomera zopita kuchipatala, anaitanitsa kabaza. Tinawamangirira ndi chitenje kumsana kwa wopalasayo kuti asagwe, ine ndikutsatira wapansi mpaka pamsewu wa minibasi, galimoto ili phee pansi pa mango, mafuta alimo. Anawagoneka masiku ochepa chabe, n'kumwalira.

Dalaivala wathu, bambo wachikulire wa mumpingo mwathu, anandipeza nditakhala pansi kunja kwa nyumba yachisoni.

"Mayi, ndikaitenge galimoto," anatero motsitsa mawu. "Palibe amene angakuneneni. Awa ndi achimwene anu."

Ndinkafuna kuvomera, sindibisa. Ndinali nditatopa moti ngakhale kulira kunkandikanika. Koma ndinaona nkhope za onse amene ndinawabweza pakhomo panga, ndiponso ndinkadziwa kuti odwala a m'midzi akungoyang'anira kuti aone bokosi lina likulowamo.

"Ayi bambo, isiyeni pomwe ilipo."

Achimwene anabwerera kwawo pa lole yonyamula nandolo, bokosi lili pakati pa makoko otsalira. Tinadutsa patchalitchi, ine sindinayang'ane kumbali ya mango.

Sindinganame kuti lamulo lija linasintha zinthu msanga. Miyezi inapita galimoto ikungowombedwa ndi dzuwa, nkhuku zikubisala kunsi kwake. Tinkailiza mwa apo ndi apo kuti batire isafe, n'kuizimitsanso. Ndinatopa nawo upampando, ndinatopa nawo anthu, ndipo masiku ena ndinkalakalaka apolisi atabwera kudzatenga chinthu chawo. Alamu anga, akazi a achimwene aja, sanandinenepo kanthu, koma ndikapita kukawaona sankandiyaliranso mphasa msanga ngati kale.

Mvula itayamba, mayi wina wachitsikana anafika pakhomo panga masana, atabereka mwana wamalungo, thupi lili moto, maso atatembenuzika. Makabaza sankayenda chifukwa cha matope. Ndinaitana dalaivala, tinathamangira kutchalitchi, ndinatsegula chitseko chakumbuyo. Mayiyo anaima, phazi limodzi lili m'mwamba lina lili m'matope, akuyang'ana pakati pa mabenchi paja.

"Amayi, si ya maliro iyi?"

"Ayi mwanawe, kwera. Ngakhale achimwene anga sinawanyamule."

Anakwera.